Likongwe ndi Khola la Njiri

Padangokhala, kale lija nyama zisanataye makasu n'kulowa m'tchire, panali Njiri, mmisiri wosula zitsulo. Makasu a dera lonselo ankachokera pachipala pake. Wofuna khasu ankabwera ndi thadzi m'khwapa, wofuna nkhwangwa ankabwera ndi tambala, moti khola la Njiri linadzaza, nkhuku zina n'kumagona padenga.

Njiri anali mkamwini. Anakwatira Nangondo, ndipo mwinimbumba pamudzipo anali malume ake a mkaziyo, a Chipembere.

Kuseri kwa kholalo kunali chulu, ndipo m'chulumo munkakhala Likongwe. Iyeyu analibe munda, analibenso luso loti n'kulitchula, koma sankagona ndi njala. M'mawa uliwonse ankalowa m'khola la Njiri pa kabowo komwe ankakadziwa yekha, n'kumwa dzira, n'kutuluka akunyambita ndevu. Nkhuku zinali zambiri, ndipo panalibe amene ankasamala za dzira limodzi.

Kenaka Nyani anayamba kufulula mowa. Poyamba Njiri ankapitako akaweruka kuchipala. Pambuyo pake ankapitako asanaweruke. Mapeto ake kuchipala n'kumene ankapitako akaweruka kumowa. Ankadzuka dzuwa lili paliwombo, mutu ukugunda, n'kuyatsa kaliwo wa fodya asanasukusule n'komwe. Ndiwo zamasamba ankati n'za mbozi, iye ankafuna nkhuku yonona. Mimba inakula, mpweya unachepa. Akangopopa mvukuto pang'ono ankakhala pansi ali wefuwefu. Thupi likavuta ankapita kwa Khwangwala, sing'anga, amenenso ankalandira nkhuku. Choncho nkhuku zinkatuluka m'khola kupita kwa Nyani, kwa Khwangwala ndi mumphika, koma yolowa panalibe.

Tsiku lina Likongwe analowa m'kholamo n'kupeza nthenga zokhazokha, ndi kathadzi kokalamba komwe kanasiya kalekale kuikira. Anakayesa kwa Nyani, koma ana a Nyani ndi ambiri ndipo maso awo ali ponseponse. Anamugenda, nathawa akutsimphina. Anakayesa kwa Khwangwala, koma Khwangwala nkhuku ankadya tsiku lomwe walandira.

Ali m'chulu chake ndi njala, anamva mtsindo wa a Chipembere akufika pakhomo pa Njiri.

"Mkamwini, mvula ili pafupi. Mbumba yanga ilibe makasu."

"Ndisula, malume. Mutuwu ungoleka kaye."

"Mutu wanuwo unayamba chaka chatha. Mvula yoyamba ikagwa chipala chili chozizira, mudzapinde mkeka wanu mubwerere kwanu. Ana ndi athu, atsala."

A Chipembere sanadikire yankho. Njiri anakhala pakhonde, nayatsa kaliwo wake.

Likongwe anaganiza: "Uyu akapita, kholali lisanduka nkhuni. Nanga ine ndizidzadya chiyani?"

Madzulo ake anatsuka kumaso, nakafika pakhonde paja.

"Odi, a mmisiri."

"Ndiwe yani?"

"Likongwe, mnansi wanu wa kuchulu."

"Sindikukudziwa."

"N'zoona, sitinaonanepo masana. Koma ine ndimakudziwani bwino, ndi nkhuku zanu zomwe. Ndabwera chifukwa mtima ukundiwawa. Mankhwala a m'nsupa amene a Khwangwala amakupatsani aja, mumati n'chiyani?"

"Mizu."

"Madzi, a mmisiri. Madzi a pakasupe wa kuseri kwa phiri. Madziwo ndi amphamvu ndithu, koma mphamvu yake imagona pamwamba, ndipo amaitenga ndi amene wayamba kumwa m'mawa. Amayamba ndi Gwape. Munamuonapo Gwape akudwala?"

Njiri anaganiza. Anali asanamuonepo.

"A Khwangwala amapitako masana kukatunga zotsala, inu n'kupereka thadzi."

"Zotsala za Gwape?" anatero Njiri, akuchotsa kaliwo pakamwa. "Ine, nthawi yonseyi, ndakhala ndikugula zotsala za kagwape?"

"Ine sindinena zambiri. Koma mutamuyambirira tsiku limodzi lokha, mutuwo ungathe, ndipo simungaperekenso nthenga kwa munthu."

"Undidzutse mawa."

Likongwe anali ndi chiboda chouma cha gwape wina amene Kambuku anadya kalekale. Anachibisa m'tchire m'mbali mwa njira.

Tambala wa kwa Nyani atalira, Likongwe anaima pachitseko cha Njiri n'kuyamba nyimbo. Inali nyimbo ya khasu losochera lomwe likuyenda khomo ndi khomo kufunsa za mwini wake, ndipo pothera pa mawu aliwonse Likongwe ankamenya mchira pachitseko ngati nyundo. Inali yaifupi, yongobwerezabwereza, yolowa m'khutu ngati udzudzu. Njiri anadzifunditsa kumutu, koma nyimbo inalowa m'chofundamo. Anatukwana, nadzuka.

Tsiku limenelo sanafike kukasupe. Anakhala pansi pakati pa njira, nasanza mowa wadzulo, nabwerera. Mawa lake nyimbo inamvekanso, ndipo anafika, koma dzuwa litakwera. Likongwe anali atadutsa kale chidule ndi chiboda chake pakamwa, n'kudinda mapazi m'matope.

"Wayambirira," anatero Likongwe, akuloza pansi. "Onani, wangochoka kumene."

Njiri anayang'ana mapaziwo nthawi yaitali. Poti ludzu linali litamugwira, anamwa madziwo ngakhale anali otsala, namwanso, nabwerera kwawo. Madzulo a tsikulo tulo tinamugwira nkhuku zisanalowe.

Zinapitirira choncho. Nyimbo pachitseko, Njiri panjira, mapazi m'matope. Tsiku lililonse Likongwe ankati Gwape wangochoka kumene, ndipo tsiku lililonse Njiri ankati mawa aona.

Koma kwa Nyani sanasiye. Masana ena Likongwe anamuona akutuluka m'khola, kathadzi kokalamba kaja kali m'khwapa.

"Mukupita nako kuti, a mmisiri?"

"Kwa Nyani."

"Eya, fulumirani, mwini wake akukadikira."

"Mwini wake uti?"

"A Nyani. Kapena simunamve? Dzana amauza anthu pamowa kuti khola lawo lenileni lili kwa Njiri. Akuti inu mumapsa nkhope pamoto, nkhuku n'kumawasungira, iwo akazifuna amangovundukula mbiya. Anthu anaseka mpaka ena kugwa pamipando."

Nyani sananenepo mawu amenewo. Koma Njiri anapita atadzazidwa ndi mkwiyo, ndipo atalowa pabwalo la Nyani anayang'ana pansi, chinthu chimene sankachita masiku onse. Anaona tambala wake wofiira. Anaona thadzi lake lamawangamawanga lili ndi anapiye. Nkhuku iliyonse yomwe inkapalasa pabwalopo ankaidziwa, ankadziwanso khasu limene anaisulira.

Nyani anatuluka ndi chipanda m'manja, akumwetulira.

"Mwabwera nayo ina, achimwene? Iponyeni apo, ikapeze anzake."

Njiri anatembenuka, kathadzi kali chikhalire m'khwapa, nabwerera kwawo.

Masiku otsatirawo anali ovuta pakhomopo. Njiri ankakalipira ana popanda chifukwa, ankakalipira ngakhale chitseko. Nangondo anaphika thobwa, namuikira pambali. Njiri analikankha tsiku loyamba, tsiku lina analawa, kenaka anayamba kulifunsa yekha.

Panachitika ukwati m'mudzi woyandikana nawo, ndipo kumeneko Njiri anagweranso m'mowa. Anabwera akudzandira, akuimba za unyamata wake. M'mawa Likongwe anaimba nyimbo ya khasu losochera mpaka mchira kuwawa, koma chitseko sichinatseguke. Pamenepo anaika pakamwa pa mng'alu wa chitseko.

"Gonani, a mmisiri, palibe kanthu. Ndakumana ndi Gwape."

Likongwe anapitiriza:

"Amafunsa ngati mdala wamimba uja wasiya. Akuti amamumvera chisoni, mwina azimusiyirako pang'ono m'chikho."

Chitseko chinatseguka. Njiri anatuluka maso ali psu, nauyamba ulendo. Kuyambira tsiku limenelo akamva fungo la mowa ankalambalala.

Patapita nthawi mutu unaleka. Njiri akabwera kukasupe ankaona kuti kudakali m'mawa, ndipo thupi likufuna chochita. Anasesa pachipala, nasoka mvukuto pomwe mbewa zinaboola, nakoleza moto. Khasu loyamba linatuluka lopindika, analitaya. Lachiwiri linali khasu. Nungu anamva kulira kwa nyundo, nabwera kudzaona, ndipo mawa lake anabweranso ndi thadzi lonenepa.

Njiri analikweza m'mwamba, naliyeza kulemera.

"Nangondo, mpeni! Lero tidya ngati anthu."

Likongwe, amene anali atakhala pambali, analiyang'anitsitsa. Thadzilo linali pafupi kuikira.

"Iphani, a mmisiri, mwavutikira," anatero. "Za Gwapezo zisiyeni basi. Si onse angathe."

"Gwape akubweramo bwanji?"

"Munamuonapo akudya nkhuku?"

"Ayi."

"Masamba, a mmisiri. Bonongwe, chisoso, nkhwani, nthawi zina nyemba. N'chifukwa chake mapazi ake salowa kwambiri m'matope. Anuwo munawaona? Ngati mwadutsa mtondo."

Njiri anayang'ana thadzi, anayang'ana mimba yake, naliponya thadzilo m'khola. Nangondo anabweza mpeni padenga, naphika nkhwani wotendera. Njiri anadya atakwinya nkhope, akuti akudya udzu ngati mbuzi. Anamaliza mbale, napempha ena.

Panatsala kaliwo. Njiri akathamanga pang'ono chifuwa chinkalira ngati mvukuto wobooka. Likongwe anadikira mpaka mmisiri atapita kukasamba, natsira tsabola wopera m'thumba la fodya. Njiri anabwera, nadzaza kaliwo, nayatsa, nakoka mwamphamvu. Anatsokomola mpaka kugwada, misozi ili mbwembwembwe.

"Chikuchitika n'chiyani?" anafunsa atapeza mpweya.

"Madzi aja ayamba kugwira," anatero Likongwe mosatekeseka. "Ndi otsala, koma mwamwa ambiri. Akukana fodya."

Njiri anayesanso mawa lake, zinachitika chimodzimodzi. Anaponya kaliwoyo m'moto wa pachipala, napopa mvukuto.

Tsopano nyimbo ya khasu losochera inasamuka pachitseko. Njiri ankaiimba yekha posula, nyundo ikugwa pomwe pankagwa mchira wa Likongwe, ana ake akuvomereza uku akupopa mvukuto. Ntchito yomwe kale inkamutengera masiku ankaimaliza dzuwa lisanapendeke. Nyama zinkabwera ndi nkhuku kuchokera kutali, ndipo nkhukuzo zikalowa m'khola sizinkatulukanso. Zinaikira, zinaswa, anapiye anadzaza pabwalo. Njiri anagula chitsulo chatsopano, anafolera nyumba, anamugulira Nangondo nsalu. Nkhuku ankapha kukabwera mlendo.

Khwangwala anatera pamtengo tsiku lina.

"A Njiri, simukuoneka. Mutu uja uli bwanji?"

"Unapita."

"Matenda obisala ndiwo oopsa, a Njiri."

"Akatuluka ndidzakuitanani," anatero Njiri, osasiya kusula.

Mitambo itayamba kusonkhana, a Chipembere anabwera. Anapeza makasu atandandalikidwa pakhoma. Anatola limodzi, naligogoda pamwala, namvetsera kulira kwake. Anayang'ana mkamwini wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwaonda."

"Ndaonda, malume."

"Ana abwere adzatenge makasuwa madzulo," anatero a Chipembere, nanyamuka ndi khasu lija paphewa. Za mkeka sanazitchulenso.

Likongwe anabwerera ku ntchito yake yakale. Njiri akangonyamuka ulendo wa kukasupe, iye ankalowa pa kabowo kaja. Koma panali vuto. Njiri tsopano ankadzuka yekha, ndipo ankathamanga moti Likongwe sakanathanso kumupitirira ngakhale podutsa chidule. Choncho Likongwe anayamba kukadinda mapazi madzulo, kuti m'mawa azimwa mazira mosafulumira. Anayamba kumwa angapo, n'kugonako pang'ono m'kholamo, pofunda.

Mvula yoyamba inagwa kusanache, nifafaniza chilichonse chomwe chinali m'matope.

Njiri anafika pakasupe, nayang'ana pansi. Panalibe phazi la nyama iliyonse. Anazungulira, nayang'ananso. Anagwada, namwa madzi a pamwamba penipeni, nadikira kuti amve mphamvu ikulowa. Sanamve kanthu. Madziwo anali ngati a dzulo ndi a dzana. Komabe anasangalala kuti wamuyambirira Gwape, ndipo anathamanga njira yonse kuti akamuuze mnzake.

Anafika kwawo msanga kuposa masiku onse. Ku chulu kunalibe munthu. Anamva nkhuku zikusokosera, natsegula khola, napeza Likongwe ali chagada pakati pa zikamba za mazira, ndevu zili chikasu, chiboda cha gwape chili pamutu ngati mtsamiro.

Likongwe analumphira ku kabowo kake. Kale akanapulumuka, koma anali atanenepa, ndipo Njiri anali atapepuka. Anamugwira pakhosi, napita naye kuchipala, natenga mbaniro yomwe inali pamakala a dzulo, idakali yotentha, namupana nayo kunsonga kwa mchira.

"Gwape ndi ameneyu?" anafunsa Njiri, akumuonetsa chiboda.

"Ndi yemweyo, a mmisiri."

"Madzi aja?"

"Madzi basi."

"Nyani ananena mawu aja?"

"Sanawanene. Koma nkhuku munaziona."

"Nanga fodya?"

"Tsabola. Wa m'munda mwanu momwe, sindinabe kwa wina."

Njiri anafinya mbaniro. Fungo la ubweya wopsa linamveka.

"Wandinamiza kuyambira tsiku loyamba. Wandithamangitsa ngati chitsiru chifukwa cha mimba yako."

"Ndakunamizani, inde," anatero Likongwe. "Ndiye nenani bodza limene mukufuna ndibweze. Ndikakutengereni mutu uja? Mimba ija? Kwa a Nyani n'pafupi, mbiya zili zodzaza."



Nangondo anatuluka m'nyumba ndi lichero, naima.

"Mutayeni, abambo."

"Ukudziwa zomwe wachita ameneyu?"

"Zikamba za mazira ndimasesa ndine. Ndinayamba kuziona kale, inu musanayambe n'komwe za kwa Nyani."

"Osandiuza?"

"Uyu amatenga dzira. Nyani ankatenga nkhuku, ndi inu nomwe. Ndinasankha wakuba wotchipa."

Atatero anakhala pansi, nayamba kupeta.

Njiri anatsegula mbaniro. Likongwe anagwa pansi, naviika mchira m'chithaphwi cha mvula, nakhala chapatali akuuuzira.

"Ndiye mawa ndidzakudzutseni, a mmisiri?" anafunsa.

"Ndimadzuka ndekha."

"Nanga ka dzira ka m'mawa? Sing'anga salipidwa?"

"Unalandiriratu," anatero Njiri.

Tsiku lomwelo anasula chitsulo chopyapyala, nakhomera pa kabowo kaja, nazunguliza khola lonse m'munsi. Mawa lake anadzuka mbandakucha monga mwa masiku onse, nathamangira kukasupe, ngakhale ankadziwa kuti kulibe wopikisana naye. Atabwera anakoleza moto, poti Njati anali akudikira nkhwangwa.

Likongwe anazungulira kholalo m'mawa wonse, akununkhiza chitsulo, osapeza polowera. Dzuwa litakwera anasamuka m'chulu muja, nalowera kumidzi ina. Chilonda chinapola, koma ubweya wa kunsonga kwa mchira unamera wakuda, ndipo ana ake onse amabadwa nawo choncho mpaka lero.

Nthano yatula mtolo wake pamenepa.